Kutopa kwa mayi woyembekezera si ulesi

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Dzulo pa mjigo kwathu kuno ku Santhe, mtsikana wa pakati potopa anangokhala pansi, chigubu cha malita 20 chili pambali, akupuma mobanika, milomo itayera. M'malo momufunsa kuti mwana wanga chavuta n'chiyani, apongozi ake akuti, "Tadzukani apa inu, mimba si matenda. Ife tinkapalira mpaka tsiku lochira." Anthu n'kumaseka. Kuseka!

Amayi inu, mwana uja si waulesi. Watopa. Wanyamula munthu m'mimba, mtima wake ukugwirira ntchito anthu awiri, usiku sagona chifukwa cha msana ndi mikodzo, ndiye kukacha mukufuna atunge madzi, asinje, aphike, akasokenso fodya m'chigafa. Akati ndafooka mukuti akudzikonda. Mukufuna achite kugwa kuti mukhulupirire?

Ndikubwereza, kutopa kumeneku si ulesi ayi. Nthawi zambiri ndi kuchepa kwa magazi, ndipo dzinja lino ndi malungo ndi njala zimangowonjezera. N'chifukwa chake ku sikelo amapereka mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar ndi neti. Kuyambira 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti woyembekezera azionedwa ndi achipatala maulendo osachepera 8. Anthu amenewo sanapenge. Mayi akamadandaula mutu wosasiya, chizungulire, kuona chimbuuzi, nkhope ndi manja zikatupa, mwana akasiya kugunda m'mimba, kapena akaona magazi, imeneyo si nkhani yoti agone kaye tione mawa. Ndi ya kuchipatala tsiku lomwelo. BP ya pamimba imapha, ndipo imapha msanga.

Koma angaulule bwanji ngati liwu lililonse lodandaula mukulitcha ulesi? Amangoluma mano. Amabisa mantha ake, amalira yekha kuseri kwa nyumba, kuopa kuti apongozi akamunenera kwa anzawo kuti mwana wawo anakwatira nkhutukumve. Timawaphunzitsa tokha kukhala chete, kenako pa maliro n'kumati bwanji sananene.

Zoti "ife tinkabereka kumunda" zanditopetsa. Inde munabereka, munapulumuka, tithokoze Mulungu. Nanga anzanu amene sanabwerere aja muwatchula liti? Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Ndipo abambo musaone ngati ndakusiyani. Njinga muli nayo, koma chigubu chikadali pamutu pa mkazi. Fodya akagulidwa ku Chinkhoma timakupezani pa bala mukugulira anzanu, koma dzira limodzi la mkazi wanu mukuti ndalama yavuta. Ku sikelo mukukana kupita kuopa kuyezedwa magazi, mpaka mkazi kuchita kulipira wa kabaza kuti akaime ngati mwamuna wake. Mimbayo anaipereka wa kabazayo?