Ndege ya 1940 iuluke ndi mafuta a 1940

Maganizo anga pa magemu oyendetsa ndege za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi awa: opanga ake amalimbikira utoto ndi timisomali ta pamapiko, koma mafuta a m'thanki amawayesa nkhani yaing'ono. Chonsecho mafutawo ndiwo ankalamula mphamvu ya injini, ndipo masiku ena ankalamula ngati mnyamata wa zaka 20 abwerako wamoyo.

Tengani Spitfire ndi Hurricane, ndege za Britain za mu 1940. Injini yake, Rolls-Royce Merlin III, ikamamwa mafuta a octane 87 (nambala yosonyeza mmene mafuta amapiririra kupanikizidwa osaphulika msanga) inkaloledwa boost, kutanthauza mphamvu yokankhira mpweya m'masilinda, ya +6.25 basi. Ukapyola pamenepo mafuta ankaphulika mosalongosoka m'masilinda, injini n'kuyamba kugogoda mpaka mapisitoni kupsa. Kumayambiriro kwa chakacho RAF Fighter Command, nthambi ya ndege zomenyana ya asilikali a Britain, inayamba kuthira octane 100, yambiri yobwera pa sitima zapamadzi kuwoloka Atlantic, ndipo injini yomweyo inaloledwa +12 kwa mphindi 5. Mphamvu inakwera kuchoka pa 1,030 horsepower kufika cha pa 1,310. Koma phinduli linali la m'munsi, cha pa mamita 3,000 kutsika. Kumwamba kwenikweni mpweya ndi wopepuka, supercharger, pampu yokankhira mpweya mu injini, sinkathanso kukankha wokwanira, ndiye mafuta abwinowo sankasintha kanthu. Gemu yothira octane 87 mu Spitfire ya mu August 1940 yaibera mphamvu. Yoiwonjezera liwiro pa mamita 7,000 nayonso yanama. Otsutsana pa nkhaniyi aliyense amangonyamula mbali yomukomera.

Za kabuleta magemu ambiri amazikhoza, apo ndiwayamikire. Merlin, poti inali ya kabuleta, inkatsamwa woyendetsa akagwetsa mphuno mwadzidzidzi, pomwe injini ya DB 601 ya mu Bf 109E, ndege ya ku Germany, inkapopera mafuta m'masilinda mwachindunji ndipo sinkadula. Kachitsulo koboola kamene Beatrice Shilling wa ku Farnborough anakonza kanachepetsa vutoli mu 1941, choncho mu 1940 kasapezekemo.

Okonda ndege za ku Germany nawonso asamangofuna manambala a pakabuku. Mafuta awo, B4 wa octane 87 ndi C3 wamphamvu kuposa apo, ambiri ankachokera ku malasha m'mafakitale ngati a ku Leuna. DB 605A ya mu Bf 109G inapangidwira boost ya 1.42 ata, pa muyeso wa ku Germany, koma kwa nthawi yaitali mu 1942 ndi 1943 inaletsedwa kupyola 1.30 chifukwa injini zinkawonongeka. Kuyambira May 1944 mabomba anagwa pa mafakitalewo, ndipo mafuta a ndege ochokera kumeneko anatsika kuchoka pa matani 175,000 mu April kufika cha pa 5,000 mu September. Ndege ya kumapeto kwa 1944 yokhala ndi MW 50, madzi osakaniza ndi methanol opopera mu injini kuti ikoke kwambiri, inali yoopsa ikauluka, inde, koma zambiri zinkangokhala pansi, ndipo anyamata oziyendetsa ankafika kunkhondo ataphunzira maola ochepa. Gemu yodzaza mlengalenga ndi ndege zimenezi tsiku lililonse ikufotokoza nkhondo ina.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi wotchi imene magemu ena amabisa mu injini. Ukangopyola mphindi za pakabuku, injini pho! yafa. Si mmene zinkakhalira. Mphindi 5 zija zinaikidwa pofuna kusunga moyo wa injini kuti ifike nthawi yoimasula ili bwino. Woyendetsa akagwiritsa ntchito +12 ankafunika kunena akatera, zilembedwe m'buku la injiniyo, amakaniko aione. Mu August 1940 Hugh Dowding, mkulu wa Fighter Command, analembera magulu ake kudandaula kuti anyamata akukankha mphamvu yadzidzidziyi popanda chifukwa chokwanira. Kalata imeneyi ikutiuza ziwiri: +12 inalidi m'manja mwawo, ndipo nkhawa ya mkuluyo inali ya injini zotha msanga. Munthu amene 109 ili kumchira kwake sayang'ana wotchi.

Ndikuwamva opanga magemu. Akachotsa wotchiyo, aliyense adzauluka atakankha mpaka kumapeto kuyambira ponyamuka mpaka potera, poti pakompyuta injini yatsopano ndi yaulere. Koma mankhwala ake asakhale bodza. Kutentha kwa madzi ndi oilo kuzilanga wokankhayo, ndipo injini imene waizunza lero uipeze yofooka mawa, kapena ndege yako ikhale kwa amakaniko anzako akuuluka. Ngakhale mafuta a 100/150 a mu 1944, amene anapatsa Spitfire IX boost ya +25 pothamangitsa mabomba ouluka okha a V-1, abwere ndi vuto lake: mtovu wake unkadetsa mapulagi.

Pempho langa kwa iwo ndi lakuti ndikasankha bwalo la ndege ndi mwezi, gemu indithirire mafuta amene anali m'mathanki a pabwalolo mwezi umenewo, ndi boost imene inali yololedwa, kaya zikomera Spitfire kaya zikomera 109.