Mabala ang'ono, koma opaleshoniyo ndi yaikulu

Mtolankhani, mwalemba kuti opaleshoni ya matumbo ya laparoscopy, yomwe amalowetsa kamera ndi zipangizo pa timabowo m'malo motsegula mimba, ilibe chiopsezo chifukwa mabala ake ndi ang'onoang'ono. Pamenepa mwasocheretsa anthu. Timabowo ta mamilimita 5 mpaka 12 tili pakhungu chabe. M'kati ntchito ndi yomwe ija: dokotala amafufumitsa mimba ndi mpweya wa carbon dioxide kuti kamera ione bwino, amatseka mitsempha ya magazi, amadula gawo lodwala la thumbo lalikulu, n'kulumikiza mbali zotsalazo.

Choopsa chili polumikizapo. Ngati magazi sakufika bwino pamsokopo, kapena thumbo lakokeka kwambiri, msoko umatseguka, chimbudzi n'kumadontha m'mimba. Zimaonekera kawirikawiri masiku 3 mpaka 7 pambuyo pa opaleshoni, nthawi zina wodwala ali kale kunyumba. Inu osamalira odwala, mukaona thupi latentha, mtima ukugunda mothamanga, mimba yatupa kapena ululu ukukula m'malo mochepa, bwererani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.

Ubwino ulipo ndithu. Kafukufuku wina wa 2004 wotchedwa COST anapeza kuti khansa ya thumbo lalikulu imabwerera mofanana pa njira zonse ziwiri, ya laparoscopy ndi yotsegula mimba, koma odwala a laparoscopy amatuluka m'chipatala msanga. Khansa ya kumapeto kwa thumbo, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, ndi nkhani ina: malowo ndi opanikiza, ndipo luso la dokotala limafunika kwambiri.

Chotupa chikamatirira ziwalo zina kapena magazi akavuta kuletsa, dokotala wabwino amasiya kamera n'kutsegula mimba. Uku si kulephera, ndipo wodwala aziuzidwa zimenezi asanasaine chilolezo.