Hap ndi Leonard andisowetsa tulo

Anzanga, usiku wathawu ndamaliza kuonera Hap and Leonard ndipo mtima sukukhala pansi. Ndi sewero la ku America lomwe linkaonetsedwa pa SundanceTV kuyambira 2016 mpaka 2018, lochokera m'mabuku a Joe R. Lansdale. Nkhani yake imachitikira kum'mawa kwa Texas, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Hap Collins ndi mzungu amene anakana kukamenya nkhondo ku Vietnam, mpaka anakalowa kundende. Leonard Pine ndi munthu wakuda amene anapita kunkhondo yomweyo. Pandale sagwirizana ngakhale pang'ono, amanyozana tsiku ndi tsiku, koma wina akagwa m'mavuto mnzakeyo sachedwa. Onse ndi amphawi, sewero likamayamba amakhala akugwira ganyu m'munda wa maluwa.

Chandikhudza kwambiri ndi Leonard. Ndatopa ndi mafilimu omwe munthu wakuda amangoikidwamo kuti azilangiza mzungu, kenako n'kufa kuti mzunguyo aphunzirepo kanthu. Leonard ali ndi moyo wakewake: ukali wake, zibwenzi zake (amakonda amuna anzake ndipo sabisa), ndi mabala omwe ali nawo mumtima chiyambire ubwana.

Gawo lachiwiri ndiye linandipweteka. Mafupa a mwana atapezeka pansi pa nyumba ya malemu amalume ake a Leonard, apolisi sanachedwe kuloza chala Leonard yemweyo. Chonsecho ana akuda akhala akusowa m'deralo kwa zaka zambiri, akuluakulu osatekeseka nazo. Apa Hap amaona ndi maso ake kuti khungu lake limamutsegulira zitseko zomwe mnzake amazipeza zotseka. Sanamizira kuti tsankho kulibe pofuna kuti ubwenzi ukome. Amalowa nawo m'matope momwemo. Ubwenzi wa mzungu ndi munthu wakuda umene ine ndingaukhulupirire ndi wotere basi.

Chondiwawa n'chakuti analithetsa patangotha magawo atatu, lililonse la zigawo 6 zokha, mabuku ena ambiri asanakhudzidwe n'komwe. Ndipo Michael K. Williams, amene ankasewera Leonard, yemwe ambiri timamudziwa ngati Omar wa mu The Wire, anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 54. Dzulo nditafika pa chigawo chomaliza ndinaimitsa kaye, n'kumangoyang'ana nkhope yake ija, ya chipsera chotsika pachipumi.