James Herriot sankalemba tinkhani togonetsera ana

Anzanga, pali chimene chimandiwawa ndikamva anthu akukamba za James Herriot. Ambiri amangoti, "Aja olemba tinkhani tokoma ta agalu ndi amphaka aja." Mwezi uno ndamaliza kuwerenganso mabuku ake oyambirira, ndipo mawu amenewa ndikuwakana. Mkuluyu ankalemba za alimi osauka ndi ziweto zawo, ndipo anawapatsa ulemu umene mabuku ambiri amawamana.

Kwa amene simukumudziwa, dzina lake lenileni linali James Alfred Wight. Anabadwira ku Sunderland mu 1916, nakulira ku Glasgow, komwenso anamaliza maphunziro a udokotala wa ziweto mu 1939. Mu 1940 anapeza ntchito ku Thirsk, katawuni ka msika m'chigawo cha Yorkshire ku England, kwa dokotala wina dzina lake Donald Sinclair, m'nyumba ya nambala 23 mumsewu wa Kirkgate. Kupatula nthawi imene anakalowa usilikali wa ndege pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anagwira ntchito komweko pafupifupi zaka 50. Kulemba anayamba ali ndi zaka 50, mkazi wake atamuuza kuti asiye kumangolonjeza buku pakamwa. Malamulo a ntchito yawo sankalola dokotala kudzitsatsa, choncho anabwereka dzina la goloboyi wa Birmingham City, Jim Herriot, amene anamuona akusewera pa TV. Buku loyamba linatuluka mu 1970 ndipo silinayende malonda kwenikweni. Mu 1972 a ku America anaphatikiza mabuku awiri oyamba n'kuwatcha All Creatures Great and Small, ndipo dzina lake linafalikira ngati moto wolusa.

Tsono taonani mmene nkhani yake imayambira. Ndi usiku, kunja kukugwa chipale chofewa, mphepo ikulowa pakhomo la khola. Dokotala wavula malaya, wagona chafufumimba pamiyala yozizira pakati pa ndowe, mkono wonse uli m'mimba mwa ng'ombe imene mwana wake wakhala molakwika. Ng'ombe ikamakankha, mkonowo ukupanikizika pamafupa mpaka kuchita dzanzi. Pambali pali nkhalamba ina imene ikungotama dokotala wake wakwawo, kuti iye uja akanamaliza kalekale. Munthu wofuna kukugonetsa tulo sangayambe buku motero. Amene wayamba motero akufuna umve kuzizira ndi fungo la ntchitoyo, kuti mwana wa ng'ombe uja akadzatuluka n'kupuma, nawenso upume.

Nkhani imene imandigwetsa misozi nthawi zonse ndi ya bambo wokalamba, wamasiye, wokhala m'kanyumba kosauka ndi galu wake wokalambanso. Mkazi anamwalira, watsala ndi galuyo basi. Dokotala atagwira pamimba anapeza chotupa cha khansa chimene chinali chitapitirira. Anamuuza mwini wake zoona, namubaya galuyo jakisoni woti agone osadzukanso, ndipo ndalama anakana. Akutuluka, bambo uja anamuthamangira n'kumupatsa ndudu imodzi yakalekale ya fodya, imene anaisunga kuchokera pa chisangalalo china cha m'mbuyo. Ndi chokhacho chimene anali nacho. Ndikafika pamenepa ndimatseka kaye buku. Wolembayo sakutiuza kuti timve chisoni, sakulalikira, akungotisonyeza dzanja la munthu wosauka amene sakufuna kuthandizidwa popanda kuthokoza. Amene anakulira pakhomo pamene mlendo sachoka chimanjamanja ngakhale m'nkhokwe mulibe kanthu, amumvetsa bamboyu popanda womasulira.

Imfa ili ponseponse m'mabuku amenewa. Nthawi imene Herriot ankayamba ntchito, mankhwala amphamvu opha tizilombo ngati penicillin anali asanafike m'chikwama cha dokotala wa ziweto. Kangapo konse amavomereza kuti ankapereka mankhwala amene iye mwini ankadziwa kuti mphamvu yake ndi yochepa, kenako n'kubwerera kunyumba osagona, akuganiza za ng'ombe ya eni. Ankayenda m'mafamu kuyeza ng'ombe chifuwa chachikulu, matenda amene ankafikanso kwa anthu kudzera mu mkaka. Anaona mahatchi olima akutha m'minda, mathirakitala akulowa m'malo. Anaona timafamu ta m'mapiri, ta ng'ombe zowerengeka pa zala, tikutsekedwa kamodzikamodzi. Kwa mlimi wotere, ng'ombe imodzi ikafa ndiye kuti chaka chafa. Herriot ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ng'ombe yogwa ndi matenda obwera itangobereka ikadzuka atailasa jakisoni wa calcium, chimwemwe chake chimakhala chenicheni, cha munthu amene wawombola banja.

Ngakhale olemera sawanyoza. Pali mayi wina wachuma amene kagalu kake amakadyetsa makeke mpaka kudwala kunenepa. Wolemba wina akanamusandutsa choseketsa basi. Herriot amaseka, inde, koma amakuonetsanso kuti mayiyu ndi wosungulumwa, ndipo chikondi chake, ngakhale chopitirira muyeso, si chabodza.

Ndikudziwa chimene ena anene: kodi zonsezi zinachitikadi? Funso ndi labwino ndipo sindikulizemba. Tawuni ya Darrowby ya m'mabukumo kulibe pa mapu, anailuka kuchokera ku Thirsk ndi matawuni ena a m'deralo. Mayina a anthu anasintha. Zaka anazibweza m'mbuyo, zina zimene zinachitika pambuyo pake n'kuziika m'ma 1930. Donald Sinclair, amene m'mabuku ndi Siegfried Farnon, sanakondwe ndi mmene anamujambulira, ndipo pamenepa ndimamumvera chisoni, pakuti si chapafupi kuona dziko lonse likuseka khalidwe lako lolembedwa ndi mnzako wa pantchito. Choncho amene amati mabukuwa ndi mbiri yeniyeni mzere ndi mzere akulakwitsa. Komabe mmene mwana wa nkhosa amakhalira m'mimba, mmene mlimi wouma mutu amayankhulira, mantha a dokotala wachinyamata amene akuopa kulakwitsa pamaso pa anthu, izi munthu sangazipeke atakhala pa desiki. Anazigwira ndi manja ake kwa zaka makumimakumi.

Ine ndinakulira kwa agogo anga aakazi amene anali ndi mbuzi zinayi ndi nkhuku zingapo. Chaka china chitopa chinalowa m'mudzi, ndipo pasanathe sabata khola la nkhuku linali zii. Agogo sanalire pagulu, koma madzulo ake sanadye. Ndili mwana ndinkaganiza kuti akudandaula ndiwo. Nditakula n'kuwerenga Herriot ndi pamene ndinazindikira kuti nkhuku zija zinali sopo, mchere, makope anga a kusukulu, komanso zinali anzawo amene ankayankhula nawo m'mawa uliwonse powamwazira gaga. Zinandidabwitsa kuti munthu wa ku Yorkshire, amene sanapondepo m'mudzi mwathu, ndiye anandimasulira nkhope ya agogo anga ya tsiku lija. Ndimakumbukiranso mlangizi wa ziweto amene ankabwera pa njinga yakapalasa, thukuta lili kamukamu, kudzaona mbuzi yotupa mimba. Anthu ngati amenewa amadziwa nkhani za makomo onse a m'dera, koma nkhanizo zimapita nawo kumanda.

Chimene chimandigwira mtima koposa ndi chakuti kutchuka sikunamuchotse m'khola. Mabuku ake anagulidwa mamiliyoni ambiri, BBC inayamba kuonetsa sewero lochokera m'mabukuwo mu 1978, alendo ochokera ku America ankaima pamzere pa Kirkgate kuti awasainire mabuku. Iye ankawasainira, kenako n'kubwerera kwa odwala ake a miyendo inayi. Sanasamukire ku London, ngakhale kuthawira kunja monga ankachitira olemera ena pozemba misonkho ya nthawi imeneyo. Kwa alimi a kumeneko anakhalabe Alf Wight, dokotala amene umamuimbira foni nkhosa ikavutika kubereka. Mwana wake wamwamuna anatsata ntchito yomweyo pa nyumba yomweyo.

Anamwalira ndi khansa pa 23 February 1995 kunyumba kwake pafupi ndi Thirsk. Nyumba ya pa 23 Kirkgate ija tsopano ndi malo osungirako mbiri yake, ndipo chiyambire 2020 pali sewero latsopano la pa TV limene ambiri akulikonda. Sewerolo ndi lokongola, mapiri obiriwira, zovala zoyera bwino. Koma ngati mwangoonera osawerenga, pezani buku loyambalo, mufike pa bambo wamasiye uja ataima pakhomo ndi ndudu yake m'manja, kenako mubwere tidzakambirane pano.