Chenjezo: Juga Yavala Jezi ya Mpira, Yalowa M'foni Zanu

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu azibambo anzanga amene imvi zatuluka kale koma mukuchita nawo zachibwanazi, tandimverani. Ndilankhula mosapsatira mawu. Wofuna kukwiya akwiye, bola amve, pajatu wakutsina khutu ndi mnansi.

Kale wotchova juga ankabisala. Ankakhala kuseri kwa msika, makhadi akuda ndi litsiro ali m'manja, diso lili kumsewu kuopa apolisi. Mudzi wonse unkamudziwa, ndipo panalibe kholo lofuna mkamwini wotero. Lero juga yomwe ija yasamba, yadzola mafuta, yavala jezi ya mpira n'kulowa m'foni. Mukugona nayo, mukulowa nayo m'tchalitchi ndi mumzikiti. Ndaonapo mnyamata pasiwa, azimayi akuimba m'nyumba ya maliro, iye ali pamoto panja, nkhope ikuwala ndi foni, akudikira kuti timu ina ya ku Turkey, imene sadziwa ngakhale mtundu wa yunifomu yake, imenye kona yachisanu ndi chiwiri. Manyazi anapita kuti kodi?

Musandimve molakwa. Sindidana ndi foni. Foni yomweyi ndi imene imatumiza ndalama ya feteleza kumudzi m'kuphethira kwa diso, pamene kale tinkaipatsira kondakitala wa basi n'kumangopemphera kuti ikafike. Sindidananso ndi otsatsa malonda pa mpira. Mpira wathu ndi wosauka, ndipo popanda makampani sungayende. Tawaona a TNM akunyamula ligi yaikulu kwa zaka zambiri, taona Airtel Top 8, FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup. Manoma anatchedwapo Be Forward Wanderers, kenako Mighty Mukuru Wanderers, ndipo Maule anaika FCB kutsogolo kwa dzina lawo. Wogulitsa galimoto kapena wosunga ndalama akalemba dzina lake pachifuwa cha osewera, amafuna kuti mugule katundu wake, mutenge chinthu mupite nacho kwanu. Wa juga alibe katundu woti mupite naye kwanu. Phindu lake ndi ndalama imene inu mwaluza, basi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri a inu munafika Fomu 4 koma masamu mukuwasiya pakhomo mukamalowa m'mashopu obetcheramo aja. Tinene kuti pali masewero amene matimu onse awiri ali ndi mwayi wofanana. Mwachilungamo, woika K1,000 akapambana amayenera kulandira K2,000. Kampani sipereka choncho. Imaika ma odds, nambala yochulukitsira ndalama ya wopambana, tinene, pa 1.90 mbali zonse. Wina waika K1,000 uku, wina K1,000 uko. Kampani yalandira K2,000, yapereka K1,900 kwa wopambana, K100 yatsala m'thumba mwake. Kaya yapambana timu iti, iyo yadya kale mpira usanayambe.

Tsono inu simukhutira ndi masewero amodzi. Mumasanja khumi patiketi imodzi kuti K500 isanduke theka la miliyoni. Ngati masewero aliwonse ali ngati kuponya ndalama m'mwamba kuti igwe mbali iyi kapena iyo, mwayi woti onse khumi akuyendereni ndi umodzi pa 1,024. Mukafika pa 15, ndi umodzi pa 32,768. Ndipo kagawo ka kampani kaja kamakula ndi timu iliyonse imene mwawonjezera, moti pa masewero khumi a 1.90 kamafika pafupifupi K400 pa K1,000 iliyonse. N'chifukwa chake amakulimbikitsani ndi mabonasi kuti tiketi ikhale yaitali. Mukaona mphatso ikukula pamene mukuwonjezera matimu, dzifunseni kuti chifundo chimenechi chachokera kuti.

Lolemba m'mawa nyimbo ndi imodzi pasiteji paliponse: "Timu imodzi yokha ndi imene yandiphera tiketi, amwene. Ndinatsala pang'ono." Simunatsale pang'ono ayi. Tiketi ya matimu khumi imene yaphedwa ndi timu imodzi ndi chinthu chochitika kawirikawiri, ndipo ndi chimene chimakubwezani Loweruka lotsatira muli ndi chikhulupiriro chonse. Wolephera zisanu ndi ziwiri amaseka n'kusiya. Wolephera imodzi amakakongola.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi kandege, juga ya pafoni imene munthu amaika ndalama pa kandege kojambula n'kuyesa kutapa kasanagwe. Mpira umatenga mphindi 90, munthu amakhala ndi mpata wopuma, mwina wina n'kumutsitsimutsa nzeru. Kandege kamauluka masekondi ochepa, kagwa, kayambiranso, usana ndi usiku, kopanda Sabata. Masewero a Aviator amenewa anapangidwa ndi kampani ya Spribe, ndipo eni akewo sabisa: amanena okha kuti pa 100 iliyonse yoikidwa, 97 ndi imene imabwerera kwa osewera onse pamodzi. Mumvekere, atatu okha pa 100, si zambiri. Koma palibe amene amasewera kamodzi. Zimene wapata amaziikanso, n'kuziikanso. K10,000 ikazungulira yonse maulendo 20, masamu akuti mwachizolowezi imatsala pang'ono kufika theka, ndipo maulendo 20 pa kandege satha ngakhale theka la ola. Ena alinso ndi mpira wa m'kompyuta, wa matimu ojambula opanda munthu ndi mmodzi yemwe, umene umatha mphindi zochepa n'kuyamba wina. Munthu wamkulu, wa banja lake, n'kumati akuwerenga mmene timu ya zidole ikuchitira!

Tapitani pasiteji ya kabaza nthawi ya nkhomaliro mukaone. Njinga yamoto ndi ya bwana, madzulo ayenera kukapereka ndalama ya tsikulo. Mnyamata wayenda kuyambira mbandakucha, fumbi lili m'nsidze, wapeza kangachepe. Akupita kwa ejenti, akuika yonse m'foni. Anzake atatu amuzungulira, mitu pamodzi, akukuwa kuti "tsika, tsika!" wina "dikira, kafika pa teni aka!" Kasitomala waima pambali ndi thumba la ufa, palibe womuona. Pakutha pa mphindi zochepa foni yabwerera m'thumba mwakachetechete. Madzulo kwa bwana nkhani ndi yakuti apolisi apamsewu anamugwira, kwa mkazi nkhani ndi yakuti lero kunalibe anthu. Juga imayamba yadya ndalama, kenako imadya chilungamo cha munthu, ndipo chachiwirichi n'chovuta kubweza.

Musaganize kuti mukulimbana ndi mwayi wokha. Mukulimbana ndi anthu ophunzira amene ntchito yawo ndi kudziwa khalidwe lanu. Makina awo amadziwa nthawi imene mumabetcha, timu imene mumakonda, ndi tsiku limene mwasiya. Mukangokhala sabata osalowamo, uthenga wafika: takupatsani mwayi waulere, bwerani. Kumapeto kwa mwezi, malipiro atangolowa, uthenga wafikanso. Mukangoonera kanema mmodzi wa zobetcha pa Facebook kapena TikTok, mawa lake akubweretserani ena khumi. Wopambana mmodzi amamujambula atanyamula chicheke chachikulu ngati chitseko, akumwetulira, n'kumuika paliponse. Anthu masauzande amene ndalama zawo zapanga chicheke chimenecho sawajambula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kumene kunachokera mpira umene mumaubetcherawu anayamba kale kudzidzimuka. Mu April 2023 matimu a English Premier League anagwirizana okha kuti pakutha pa nyengo ya 2025/26 achotse mayina a makampani a juga kutsogolo kwa majezi awo. Nthawi imeneyo matimu 8 mwa 20 anali ndi mayina otere pachifuwa. Sanachotse zonse, pamkono wa jezi ndi pazikwangwani za m'bwalo anasiyapo, koma avomereza kuti pali vuto. Dziko la Italy linaletsa kutsatsa juga mu 2018, Spain inachotsa makampaniwa pamajezi mu 2021, ndipo ku Britain kuyambira 2020 munthu saloledwa kubetcha ndi khadi la ngongole la kubanki. Kuno kwathu ku Africa, boma la Kenya linalimbana ndi makampaniwa mu 2019 mpaka SportPesa, imene inali pajezi ya Everton, inayamba yaimitsa ntchito zake m'dzikomo. Koma malonda akathinidwa uku amathamangira kumene khomo lili lotsegula. Inu amene muli ku Joni mukudziwa kuti ligi yaikulu ya kumeneko kuyambira 2024 ikutchedwa Betway Premiership.

Ndipo inu amene mumati "ine mpira ndimaudziwa, sindingadyedwe", mumaudziwa kuposa Ivan Toney? Mu May 2023 anamuletsa kusewera kwa miyezi 8 ataphwanya malamulo a zobetcha maulendo 232, ndipo dokotala anatsimikiza kuti juga inali itamulowerera ngati matenda. Pamene ankamuletsapo n'kuti akusewera ku Brentford atavala jezi yolembedwa Hollywoodbets, kampani ya juga ya ku Durban. Chaka chomwecho Sandro Tonali, atangogulidwa ndi Newcastle kuchokera ku AC Milan, anamuletsa miyezi 10 pa mlandu wa mtundu womwewo. Awa ndi anthu okhala m'kati mwa mpira, olandira pa sabata ndalama zimene ambiri a ife sitidzazigwira moyo wathu wonse, koma inawagwetsa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaika vuto la juga m'gulu la matenda. Nanga iwe wa ganyu ya pa tsiku, udzalimba ndi chiyani?

Pamwamba pa zonsezi pabwera akathyali. Pa WhatsApp, Facebook ndi Telegram padzaza anthu ogulitsa "sure odds", ena akuti ali ndi masewero okonzeratu, ena akuti ali ndi pulogalamu yolosera pamene kandege kagwere. Tumizani K5,000 tikulowetseni m'gulu la mabwana. Tangoganizani pang'ono, ana inu. Munthu wodziwa zotsatira za mawa angavutikirenji kupempha K5,000 yanu? Amachita chonchi: theka la anthu amawauza kuti ipambana timu iyi, theka lina amawauza inayo. Amene zawayendera amalipiranso kawiri, amene zawakanika amawatsekera kunja. Zithunzi za matiketi opambana amazikonza pakompyuta. Ena amakupemphani nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba, kapena kanambala kamene kangobwera pa uthenga, ati akuikireni bonasi. Nambala imeneyo sapatsa munthu, ngakhale atalankhula mwaulemu chotani, ngakhale atati akuimba kuchokera ku likulu la kampani.

Tsopano ndibwere kwa inu makolo, chifukwa pano ndi pamene mkwiyo wanga uli. Lamulo la dziko lino, limene bungwe loona za juga la MAGLA limayang'anira, sililola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga. Koma ndani akutuma mwana wa Sitandade 7 kuti akadule tiketi kushopu? Ndani akumupatsa foni kuti "tandisankhira matimu, iwe uli ndi dzanja lamwayi"? Ndani analembetsa simu m'dzina lake n'kumupatsa mwana osayang'anamo chaka chonse? Ndi inu. Mawa fizi ikasowa, ndalama ya mayeso ikathera m'kandege, mudzathamangira kwa ahedi kukalira, mudzanamizira anzake oipa, ena mudzafika mpaka kwa asing'anga kuti mwana walodzedwa. Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Inunso azimayi musaloze amuna okha. Tikumva m'mabanki m'khonde kuti tsiku logawana lafika, bokosi n'lopepuka, wosunga ndalama akungoyang'ana pansi.

Inu oimba, azisudzo ndi otchuka a pa intaneti amene mukulandira ndalama kuti muziuza achinyamata kuti "lowani ndi code yanga", mukudziwa bwino kuti okutsatirani ambiri ndi ana asukulu ndi anyamata osowa ntchito. Inu mumalipidwa motsimikizika, iwo ndi amene amaika ndalama pachiswe. Inu akuluakulu a matimu, polandira thandizo la makampani amenewa, kanani kuti dzina lawo lilembedwe pamajezi a ana ndi a matimu achisodzera. Ndipo yang'anirani osewera anu. Mnyamata amene sanalandire malipiro miyezi itatu, foni ili m'manja, wina n'kumunong'oneza kuti angochititsa penate imodzi, mukuganiza kuti adzakana mpaka liti?

Ndikudziwa kuti zinthu zathina. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu inakwera, ntchito kulibe, ndipo mnyamata wa digiri akungokhala pakhonde. Wotere ukamuuza kuti K200 ikhoza kubala miliyoni, amamvera. Sindikumuseka. Koma amene akunena kuti kubetcha ndi geni yake akudzinamiza. Geni ili ndi katundu, ili ndi buku. Ngati mukutsutsa, tsegulani mauthenga a m'foni mwanu a miyezi itatu yapitayi, mulembe mbali imodzi zonse zimene munaika, mbali ina zonse zimene munatapa, osadumpha ngakhale K100. Ambiri amakumbukira tsiku limodzi limene anawina n'kuiwala masiku makumi asanu amene anadyedwa.

Ngati mwafika poti mukubetcha ndi ndalama ya lendi, ya katapila kapena ngongole ya pafoni, ngati mukubetcha kuti mubweze zimene zinapita, ngati mukunamiza akunyumba kwanu, musadikire kuti mudzasiye mukawina kamodzi komaliza. Uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, lero lomwe. Chotsani mapulogalamuwo m'foni, tsekani akaunti, ndipo malipiro azifikira m'manja mwa akazi anu, amuna anu kapena m'bale wodalirika kufikira mutima utakhazikika. Achipatala amathandiza vuto limeneli monga amathandizira la mowa ndi chamba: kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo pachipatala cha boma chilichonse mukhoza kufunsa wa uphungu. Inu achibale, munthu akabwera kudzaulula ngongole zake musamuchititse manyazi pagulu, chifukwa ena manyazi ndi ngongole zawafikitsa podzichotsera moyo. Khalani naye pansi, muwerengere limodzi zimene ali nazo kwa anthu, mugwirizane kabwezedwe kake, koma ndalama m'manja musamupatse.