Njoka ndiye yolowerera pamenepa?

Pali nkhani yakuti njoka zavuta m'nyumba za anthu muno mu Harare. Zavutadi. Mlamu wanga anapeza mphiri itadzipinda kuseri kwa chigubu cha madzi, mwana akusewera poteropo. Koma nyumbayo ili pati? M'dambo! Dzinja likafika madzi amachita kutumphuka pansi pa simenti, achule kulira usiku wonse. Nanga njoka ingaleke bwanji kulondola ndiwo zake?

Mlamu wangayo sindimunena, lendi ikuwawa m'tauni muno. Mlandu ndikuupereka kwa ogulitsa mapuloti m'madambo, amene amadya ndalama n'kukagona kumtunda kouma. Ngakhale dambo la Monavale muno mu Harare, lomwe linalowa pamndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 2013, anthu oyandikana nalo akhala akulimbana ndi ofuna kumangapo.