Vinyo wowambidwa padzuwa si vinyo wokhwima

Loweruka lapitali ndinalowa m'sitolo ina ya zakumwa muno mu Mzuzu kukafuna vinyo wofiira, ndipo mwini wake anandilozera mabotolo amene anawandandalika pazenera, pamene dzuwa la masana limaomba, n'kundiuza mopanda manyazi kuti mtengo wake ndi wokwera chifukwa akhala pamenepo zaka zambiri. Mapepala a mayina anali atafwifwa, ndipo kukamwa kwa botolo lina kunali kutadontha vinyo amene anauma n'kumamata. Ndinakwiya kwambiri, pakuti bambowo akugulitsa chinthu chakufa pa mtengo wa chamoyo.

Kukhalitsa kokha sikukometsa vinyo. Ndinaona ndi maso anga pamene ndinakacheza ku munda wina wa mphesa ku Stellenbosch, ku South Africa, kumene anatitsitsira m'chipinda chamdima ndi chozizira, mabotolo onse atagonekedwa chammbali kuti chotsekera cha khungwa la mtengo chizikhala chonyowa, chifukwa chikauma chimanyala, mpweya n'kulowa, vinyo n'kusasa. Kuzizira koyenera ndi pafupifupi madigiri 13, kosasinthasintha chaka chonse. Alimi a mphesa a ku Western Cape, chigawo chimene kuli Stellenbosch, akhala pa ntchitoyi kwa zaka mazana, munda wa Constantia unakhazikitsidwa mu 1685, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene angaike botolo pazenera kuti likhwime. Komanso si vinyo aliyense amene anapangidwira kusungidwa. Wambiri amene timagula m'masitolo ndi woti amwedwe pasanathe zaka zochepa, ndipo amene amapirira nthawi yaitali ndi monga Cabernet Sauvignon kapena Pinotage wopangidwa mosamala.

Ena adzanena kuti ku Mzuzu n'kozizira. Inde, mu Juni ndi Julaye timavala majuzi, koma kodi Okutobala mwamuiwala? Botolo limene lapirira kutentha kwa Okutobala kuseri kwa galasi, pansi pa denga la malata, chaka ndi chaka, laphikidwa basi. Kaya ndi umbuli kaya ndi dyera, wogula ndiye amene akutaya ndalama zake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zaka zimene vinyo wathera padzuwa ndi zaka za kuwonongeka, ndipo kuzilipiritsa ndi kuba.

Nanunso amene mumabwera ndi mabotolo okwera mtengo kuchokera ku Cape Town, n'kukawaimika pamwamba pa furiji, pamene pamatentha ndi kunjenjemera usana ndi usiku, kuti alendo aziwaona, simukusiyana ndi bambo ameneyu. Mukuti mukusungira ukwati wa mwana wanu, koma tsikulo mudzamwetsa apongozi viniga. Ngati m'nyumba mwanu mulibe malo amdima ndi ozizira, ngakhale pansi pa kabati ya zovala kutali ndi khitchini, tsekulani botololo mumwe lisanawonongeke.